Zala zisanu za agogo

Ana inu, nkhani iyi ndi yaitali. Pemphani amayi, atate kapena akulu anu kuti akuwerengereni madzulo, mutatha kudya nsima. Inu muzimvetsera. Dzanja lanu likhale pafupi, cifukwa tidzalifuna.

Agogo anga

Ine ndimaphunzitsa kalasi yoyamba. Kwathu ndi ku Lifidzi, m'boma la Angónia, m'cigawo ca Tete. Kuno ndi kumapiri. Timalima cimanga, nyemba ndi mbatatesi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri. Mphepo imaomba kucokera ku phiri la Domwe, ndipo m'mawa ana amafika kusukulu manja ali m'khwapa.

Ine ndinaleredwa ndi agogo anga, amayi awo a amayi. Agogo anali munthu wolimba mtima. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Dedza, ku Malawi. Anayenda wapansi, mwana kumsana, katundu pamutu. Mtendere utabwera m'caka ca 1992, anabwerera kuno n'kuyambanso kulima munda wawo. Pamene ndinapita kukaphunzira nchito ya uphunzitsi, anagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndigule bulangete ndi makope. Sindinawaonepo akulira. Ukawafunsa kuti, "Mwadzuka bwanji, agogo?" yankho linali lomwelo masiku onse: "Ndadzuka bwino, kaya iwe mdzukulu wanga."

M'caka ca 2024 agogo anadwala. Anayamba kuonda. M'mimba ndi msana zinkawapweteka usana ndi usiku. Tinapita nawo ku cipatala cacikulu. Atawapima, adotolo anaitana ine ndi amayi. Anatiuza kuti ndi khansa, ndipo yafika patali. Amayi anagwira pakamwa. Adotolo anati, "Matendawa sitingathe kuwaciza. Koma ululu tikhoza kuucepetsa. Agogowa sayenera kuvutika."

Makwerero a mankhwala

Adotolo anatenga pepala najambula makwerero a masitepe atatu.

Pa sitepe yoyamba pali ululu waung'ono. Mankhwala ake ndi parasetamolo kapena ibuprofeni. Pa sitepe yaciwiri pali ululu wokulirapo. Mankhwala ake ndi kodeini kapena tramadolo. Pa sitepe yacitatu pali ululu waukulu kwambiri. Mankhwala ake ndi morfina. Makwerero amenewa anakonzedwa ndi Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse m'caka ca 1986. Agogo anali pa sitepe yacitatu.

Morfina imacokera ku duwa lina lochedwa papoula m'Cipwitikizi. Amene anaipatula koyamba m'duwalo ndi mnyamata wa ku Germany, dzina lake Friedrich Sertürner, zaka zoposa 200 zapitazo. Morfina ndi yamphamvu. Munthu akamwa muyezo umene adotolo anena, ululu umatha. Akapyola muyezo, akhoza kuleka kupuma. N'cifukwa cake ku cipatala amaisunga m'kabati yokhoma. Siigulitsidwa pa msika kapena m'sitolo. Kuti uilandire, uyenera kukhala ndi kalata yapadera ya adotolo, imene timati reseita.

Agogo anayamba kumwa piritsi limodzi m'mawa ndi lina madzulo. Patapita masiku awiri anayambanso kudya phala. Ankatuluka kukaothera dzuwa pakhonde. Tsiku lina anandikalipira cifukwa ndinasesa pabwalo mosasamala. Ndinakondwa. Ndinati mumtima mwanga, agogo abwerera.

Tsiku limene mankhwala anatha

Mwezi uliwonse ndinkapita kukatenga mapiritsi ena. Mwezi wa Juni ndinacedwa. Kusukulu kunali mayeso, ndipo ndinadikira mpaka m'botolo munatsala mapiritsi awiri okha. Apa ndinalakwa ndine.

Ndinakwera njinga yamoto m'mamawa, cisanu cili tho. Ndinaima pamzere. Nditafika pa zenera la farimasiya, ndinapereka reseita. Bambo wa pa zenera anaiwerenga, napukusa mutu.

"Pepani aphunzitsi, morfina yatha."

"Ibwera liti?"

"Tinaitanitsa kale. Tikudikira."

Ndinaganiza kuti mwina akubisa. Iwo anaona nkhope yanga. Anaitana anamwino aakulu, natsegula kabati ija ine ndikuona. Munalibe kanthu.

Anamwinowo anandikhazika pa benchi nandifotokozera ulendo wa morfina. Ulendo wake ndi wautali. Morfina imacokera kunja kwa Moçambique. Caka ciliconse dziko lililonse limayenera kuuza ofesi ina ya mumzinda wa Vienna, ku Austria, kuculuka kwa morfina imene lidzafune. Pambuyo pake boma limagula. Mankhwala akafika, amasungidwa m'nyumba zazikulu ku Maputo kapena ku Beira. Kucokera kumeneko amakwera galimoto mpaka ku Tete. Kucoka ku Tete amawoloka mtsinje wa Zambezi, amadutsa pa Moatize, n'kukwera mapiri kubwera kuno ku Angónia. Ndalama zikacedwa, mankhwala amacedwa. Mapepala akacedwa, mankhwala amacedwa. Msewu ukaduka, monga mmene namondwe Idai anadulira msewu wa ku Beira m'caka ca 2019, mankhwala amacedwanso. Ife a kumapiri tili kumapeto kwa njira.

Vutoli si la kwathu kokha. M'caka ca 2017 madotolo ndi akatswiri a m'maiko ambiri anawerengera morfina ya dziko lonse lapansi. Kuti mumvetse zimene anapeza, ganizani nthoci 100 ndi ana 100. Ana 50 a mbali ino atenga nthoci 99. Ana 50 a mbali inayo, amene ndi osauka, agawana nthoci imodzi, nayonso yosakwana. Ndi mmene morfina imagawidwira pa dziko lapansi.

Adotolo anandilembera mankhwala a sitepe yaciwiri, amene analipo pang'ono, pamodzi ndi parasetamolo. Ndinasiya nambala yanga ya foni. Ndinabwerera kunyumba mtima uli pansi.

Malangizo a anthu

Mapiritsi awiri aja anatha. Usiku wotsatira ululu unabwerera. Agogo anatuluka thukuta ngakhale kunali kozizira. Ankayasamula kawirikawiri, ndipo anatsegula m'mimba. Anamwino anali atandicenjeza kuti thupi limene lazolowera morfina limacita motero ikasiyidwa mwadzidzidzi. Usiku umenewo ndinamva agogo akubuula. Aka kanali koyamba m'moyo wanga.

Abale ndi anansi anabwera kudzazonda. Onse anali ndi cisoni, ndipo aliyense anali ndi malangizo ake.

Amalume anati, "Apatseni kacasu pang'ono, agona." Amayi anakana. Mowa ndi mankhwala a ululu zikakumana m'thupi, munthu akhoza kugona osadzukanso.

Mayi wina wa pafupi anabweretsa mapiritsi m'kansalu. Anati, "Awa anatsala pamene amuna anga anamwalira." Tinathokoza, koma sitinalandire. Adotolo amalemba mankhwala poona matenda a munthu, msinkhu wake ndi mphamvu zake. Muyezo wa munthu wina ukhoza kupha wina.

Wina anati, "Tumani mnyamata awoloke malire, akagule kwa munthu amene ndimamudziwa." Atate anati ayi. Kunyamula morfina popanda kalata ya adotolo ndi mlandu, kuno ndi ku Malawi komwe.

Ine ndinkavomereza kukana konseko. Koma tsiku lacisanu ndinafooka. Linali tsiku la msika. Kuseri kwa ogulitsa kaunjika kunali bambo wina ndi cikwama. Anayala mapiritsi a mitundumitundu pa pulasitiki, padzuwa. Ndinamuuza za agogo. Iye anati, "Awa ndi amphamvu kuposa a ku cipatala." Anandikulungira mapiritsi khumi ofiira m'kapepala. Ndinalipira, n'kubisa m'thumba.

Panjira mtima unayamba kugunda. Ndinakhotera ku cipatala caching'ono ca kufupi ndi kwathu, n'kuwaonetsa anamwino a pamenepo. Iwo anandifunsa mafunso atatu.

"Dzina la mankhwalawa ndi ciani?"

Ndinati sindidziwa.

"Mphamvu yake itha liti?"

Ndinati sindidziwa.

"Nanga agogo akamwa n'kukomoka, tidzawathandiza ndi ciani, pamene sitidziwa cimene amwa?"

Ndinakhala cete. Ine mphunzitsi, amene ndimauza ana kuti asatole cinthu cosadziwika n'kuika m'kamwa! Anamwino anandiuza kuti m'maiko osauka, pa mankhwala khumi alionse, amodzi amakhala abodza kapena oonongeka. Mapiritsi ofiira aja ndinawasiya pomwepo.

Dzanja lowerengera ululu

Anamwino aja sanandibweze cimanjamanja. Anati, "Aphunzitsi, morfina ine ndilibe. Koma pali nchito imene banja lingagwire. Tambasulani dzanja."

Ana inu, nanunso tambasulani dzanja lanu.

Fumbatani zala zonse. Pamenepo ndi 0. Palibe ululu.
Imikani cala cimodzi. Ululu ndi waung'ono.
Imikani zala ziwiri. Ululu wakula pang'ono.
Imikani zala zitatu. Ululu ukuvutitsa.
Imikani zala zinayi. Ululu ndi waukulu.
Imikani zala zonse zisanu. Ululu ndi wosapiririka.

Anamwino anati tiziwafunsa agogo katatu pa tsiku, ndipo tizilemba nambala m'kope. Anati tiziwapatsa mankhwala pa nthawi yake, osadikira kuti ululu uyambe wakula. Anaticenjezanso za parasetamolo. Munthu wamkulu sayenera kupyola mapiritsi 8 pa tsiku, cifukwa akaculuka amaononga ciwindi. Kwa agogo, amene anali ataonda, anati tisapyole 6.

Madzulo ndinayesa. "Agogo, ululu uli pa zala zingati?"

Agogo anati, "Ndili bwino, mdzukulu wanga. Pita ukagone, mawa uli ndi ana a eni."

Amayi anayesa. Yankho linali lomwelo. Agogo sankafuna kutivutitsa.

Kunyumba kwathu kuli mtsikana wa zaka 6, mwana wa acemwali anga. Caka cimeneco anali m'kalasi mwanga, ndipo anali atangophunzira kulemba manambala. Iye anamva zonse. Anatenga kope lake ndi pensulo, nakhala pamphasa pafupi ndi agogo.

"Agogo, tiyeni tisewere sukulu. Ine ndine mphunzitsi. Ndionetseni zala."

Agogo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatulutsa dzanja m'bulangete. Anaimika cala cimodzi, ciwiri, citatu, cinayi, cisanu. Mwanayo anawerenga mokweza, nalemba 5 wamkulu wopendekeka. Amayi anatuluka panja kukapukuta misozi.

Kuyambira tsiku limenelo, nchito yofunsa inali ya mwanayo. M'mawa asanapite kusukulu, masana akaweruka, ndi madzulo asanagone. Kwa ife akulu agogo ankati ali bwino. Kwa mwanayo zala zinkanena zoona.

Zimene manja athu anacita

Kope lija linatiphunzitsa zambiri. Tinaona kuti usiku nambala imakwera, makamaka kukazizira. Tsono tinasuntha mphasa ya agogo kuti isayang'ane pakhomo, ndipo tinawonjezera bulangete. Tinkaviika nsalu m'madzi ofunda, osati otentha, n'kuwathowa kumsana. Tinkawasisita miyendo ndi mafuta. Tinkawatembenuza pafupipafupi kuti asacite zilonda. Tinaika mtsamiro pakati pa maondo awo. Tinkawapatsa phala lamadzimadzi pang'onopang'ono, ndi madzi a kumwa pa supuni.

Mutu umodzi susenza denga. Tinagawana usiku. Amayi ankakhala nawo mpaka pakati pa usiku, ine mpaka tambala woyamba, acemwali mpaka kuca. Amayi a ku chalichi ankabwera masana kudzaimba nyimbo motsitsa mawu. Amalume aja, amene ananena za kacasu, ndi amene ankatibweretsera nkhuni.

Tinaonanso cinthu cina. Agogo akakhala padzuwa, licero la nyemba lili pamwendo, akusankha mbewu ndi kamdzukulu kawo, nambala inkatsika kufika pa 3. Manja akakhala ndi cocita, ndipo pafupi pali wina woceza naye, ululu umapepukako.

Koma ndikuuzeni zoona. Pa masiku onsewo nambala siinatsike kupyola 3. Usiku wambiri inali 4 kapena 5. Nsalu yofunda inathandiza. Nyimbo zinathandiza. Parasetamolo anathandiza pang'ono. Zonsezi sizinalowe m'malo mwa morfina. N'cifukwa cake sindinaleke kufunsa. Masiku atatu alionse ndinkaimba foni ku cipatala. Loweruka ndinkapitako ndekha. Ndinkapereka moni mwaulemu, n'kufunsa funso lomwelo: "Kodi yafika?"

Yafika

Pa tsiku la 19 ndinali m'kalasi, tikuphunzira lemba "m". Foni inalira. Anali anamwino aakulu aja. Anati, "Aphunzitsi, yafika. Bwerani ndi reseita."

Ndinapempha aphunzitsi anzanga kuti andionere ana. Ndinathamangira kunyumba kukatenga reseita. Mwana uja anati, "Tengani ndi kope langa." Ndinatenga.

Adotolo anatsegula kopelo. Anaona manambala opendekeka, tsamba ndi tsamba: 5, 4, 5, 3, 4, 5. Anafunsa kuti walemba ndani. Nditawauza, anamwetulira. Anati kopelo lawathandiza kudziwa nthawi imene ululu umakula. Anatinso popeza agogo akhala masiku ambiri osamwa morfina, sangayambire pa muyezo wakale. Ayambe ndi wocepa, ndipo tizikweza pang'onopang'ono poona zala. Anatikumbutsa kuti morfina imaumitsa m'mimba, conco anatipatsa mankhwala ofewetsa, natiuza kuti tiziwapatsa mapapaya ndi madzi ambiri.

Tsiku loyamba zala zinali zitatu. Tsiku laciwiri zinali ziwiri. Tsiku lacinayi m'mawa mwanayo anabwera akuthamanga.

"Azakhali! Cala cimodzi! Agogo aimika cala cimodzi cokha!"

Usiku umenewo agogo anagona mpaka dzuwa kutuluka. Nafenso tinagona.

Nyemba za m'mbale

Sindinafune kucedwanso. Tinatenga mbale ziwiri. M'mbale yoyamba tinaika nyemba zofanana ndi masiku a mankhwala amene analipo. M'mawa uliwonse mwanayo ankacotsa nyemba imodzi n'kuika m'mbale yaciwiri. Zikatsala nyemba 7, ankandiuza kuti, "Azakhali, nthawi yakwana." Ine ndinkapita ku cipatala sabata yathunthu mankhwala asanathe. Botolo lenilenilo linkakhala m'sutikesi yokhoma, pamwamba. Mwanayo ankagwira nyemba ndi pensulo basi. Botolo sanalikhudzepo.

Agogo anakhala nafe miyezi ina inayi. Anasankha mbewu zonse za caka cimeneco. Anatiuza malire a munda wawo. Anatisimbira za ulendo wa ku Dedza, zimene anali asanatiuzepo. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe, ali m'tulo, amayi atawagwira dzanja. Maliro atatha, ndinatenga mapiritsi amene anatsala n'kukawabweza ku cipatala. Nyemba zimene anasankha tinabzala, ndipo zinabereka.

Pambuyo pake ndinawerenga za dziko la Uganda. Kumeneko dotolo wina, Anne Merriman, anayamba m'caka ca 1993 kusungunula ufa wa morfina m'madzi, n'kuthira m'mabotolo. Morfina yamadzi imeneyi ndi yochipa, ndipo odwala amamwera kunyumba kwawo. Kuyambira m'caka ca 2004, anamwino ophunzitsidwa bwino a ku Uganda amaloledwa kuilemba okha, kuti anthu a kumidzi asadikire adotolo a kutali. Nditawerenga, ndinaganiza za masiku 19 aja. Zimene zinatheka kumeneko zikhoza kuthekanso kumapiri kuno.

Lero m'kalasi mwanga, mwana akabwera akulira kuti mutu ukuwawa, ndimagwada pafupi naye n'kunena kuti, "Ndionetse zala." Amandionetsa. Zikakhala zambiri, ndimatuma uthenga kwa makolo ake kuti apite naye ku cipatala.

Mawu kwa ana

Penapake pakakuwawa, uza amayi, atate kapena aphunzitsi. Kunena ululu si mantha.
Usamwe mankhwala wekha. Mankhwala amapereka ndi munthu wamkulu.
Ukatola piritsi pansi, usaike m'kamwa. Kapereke kwa munthu wamkulu.
Kunyumba kukakhala wodwala, khala naye pafupi. Mpatse madzi. Ceza naye.

Mawu kwa makolo

Werengani mapiritsi a wodwala wanu, ndipo bwererani ku cipatala kutatsala sabata imodzi.
Akakuuzani kuti mankhwala atha, funsani ngati pali ena ogwirizira. Siyani nambala ya foni, ndipo musatope kufunsa.
Musagule mapiritsi opanda dzina pa msika. Musapatse wodwala mankhwala a munthu wina. Musaphatikize mankhwala ndi mowa.
Sungani mankhwala pamalo okhoma, pamene ana sangafike. Otsala abwezeni ku cipatala.

Tiyeni tikambirane

1. Kodi makwerero a mankhwala ali ndi masitepe angati?
2. Cifukwa ciani aphunzitsi anasiya mapiritsi ofiira kwa anamwino?
3. Agogo anaimika zala zingati tsiku loyamba? Nanga morfina itafika?
4. M'mbale munali nyemba 10. Mwana wacotsa 3. Zatsala zingati?
5. Jambula dzanja lako m'kope. Lemba nambala pa cala ciliconse, kuyambira 1 mpaka 5.